Kompyuta ikakana Windows 11, musafulumire kuitaya

Mwatsegula Windows Update ndipo mwapeza uthenga wakuti kompyuta yanu singalandire Windows 11. Sikuti yawonongeka ayi. Iziyakabe, mafayilo anu ali pomwe munawasiya, Word ndi Excel zizitsekuka monga mwa masiku onse. Chimene chinasintha n'chakuti pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft inasiya kutumiza ma update achitetezo a Windows 10, patatha zaka khumi chiitulutsireni mu July 2015. Zili ngati nyumba imene mlonda wake wasiya ntchito: makoma ndi zitseko zilipo, koma mbava zikapeza polowera palibenso wobwera kudzatseka.

Ena amati zimenezi n'zongoopseza kuti tigule makina atsopano. Koma mu May 2017 vayirasi ya WannaCry inatsekera anthu mafayilo awo m'mayiko ambiri, mpaka zipatala za NHS ku Britain zinabweza odwala. Mpata umene inalowera, Microsoft inali itautseka kale mu March chaka chomwecho, ndipo amene anagwidwa ndi aja amene sanaike update imeneyo. Windows 10 yosalandira ma update ikulowera komweko pang'onopang'ono, makamaka ngati mumatsegulirapo akaunti ya kubanki kapena imelo ya kuntchito, kapenanso mumalowetsamo mafulashi a anthu osiyanasiyana.

Ife nkhaniyi yatigwera kwambiri chifukwa malaputopu ochuluka amene timagula ndi ogwiritsidwa kale ntchito m'maofesi akunja: Dell Latitude, HP EliteBook, Lenovo ThinkPad. Ndi makina olimba zedi, koma ambiri ndi a pakati pa 2013 ndi 2017, ndipo ndi omwewo amene Windows 11 ikuwakana. Laputopu yoyenda bwinobwino siyofunika kutayidwa chifukwa cha uthenga umodzi wa pa sikirini. Chofunika n'kudziwa chimene chikukanitsa, kenako kusankha njira molingana ndi ntchito imene kompyutayo imagwira.

Fufuzani kaye chimene chikukanitsa

Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4 GB, malo a 64 GB pa disiki, BIOS (pulogalamu imene imayamba kuyaka Windows isanatsekuke) yoyenda mu UEFI, njira yake yatsopano, imene ingathe Secure Boot (chitetezo cha poyaka), kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0, ndiponso processor yomwe ili pa mndandanda wa Microsoft. Kwa Intel mndandandawo ukuyambira pa m'badwo wa 8, ndipo kwa AMD ukuyambira pa ena mwa ma Ryzen 2000 kupita m'tsogolo. Pulogalamu ya Microsoft yotchedwa PC Health Check imanena chimene chaperewera, koma mungaonenso nokha popanda kutsitsa kalikonse.

Dinani batani la Windows ndi R pamodzi, lembani msinfo32, kenako Enter. Yang'anani mizere inayi: Processor, BIOS Mode, Secure Boot State ndi Installed Physical Memory. Mukatero bwerezaninso Windows ndi R, lembani tpm.msc. Ngati TPM ilipo ndipo ndi yoyatsa, muona Specification Version pamunsi, 2.0 kapena 1.2.

Pa processor ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Kulembedwa kuti i7 sikutanthauza kuti ndi m'badwo wa 7, ndipo sikutanthauza kuti ndi yatsopano. M'badwo uli pa nambala yotsatira kamzere. Core i5-6300U ndi ya m'badwo wa 6, i5-7200U ndi ya 7, i5-8250U ndi ya 8, i5-10210U ndi ya 10, ndipo i5-1135G7 ndi ya 11. N'chifukwa chake i7-6600U imakanidwa pomwe i3-8130U imalandiridwa, ngakhale wogulitsa anakulipiritsani zambiri chifukwa cha chimata cha i7 chija.

Ngati processor ili bwino koma ikukanabe

Apa muli ndi mwayi, chifukwa nthawi zambiri vuto limakhala lakuti TPM ndi yozimitsa kapena amene anafomata kompyutayo anaika Windows mu Legacy, njira yakale ya BIOS, osati mu UEFI. Zonse ziwiri zimakonzeka osagula kanthu.

Musanakhudze BIOS, koperani mafayilo anu onse ofunika pa disiki ina. Onaninso ngati disiki yanu ndi yotsekedwa ndi BitLocker, ndipo ngati ili choncho pezani kiyi yake ya manambala 48, imene kawirikawiri imasungidwa mu akaunti yanu ya Microsoft, n'kuilemba papepala. Kusintha za mu BIOS kungachititse kuti kompyuta ifunse kiyi imeneyi poyaka, ndipo popanda iyo mafayilo sangatsekuke, ngakhale mutapita kwa wokonza waluso bwanji.

Zimitsani kompyuta, iyatseni, ndipo nthawi yomweyo dinani mobwereza F2 ngati ndi Dell, F10 ngati ndi HP, F1 ngati ndi ThinkPad. Pitani pa Security. Dzina la TPM limasiyana: pena pamalembedwa TPM Security, pena Intel PTT, pena AMD fTPM, ndipo pa ThinkPad ndi Security Chip. Iyatseni, sungani, tulukani. Pafupi pomwepo pamakhala mawu akuti Clear TPM. Amenewo musawakhudze.

Ngati msinfo32 yalemba kuti BIOS Mode ndi Legacy, musangopita mu BIOS n'kusinthira ku UEFI, chifukwa Windows idzalephera kuyaka. Disiki iyenera kusinthidwa kaye kuchoka ku kakonzedwe kakale ka MBR kupita ku katsopano ka GPT. Tsegulani Command Prompt ngati administrator, lembani mbr2gpt /validate /allowFullOS. Ikavomera, lembani mbr2gpt /convert /allowFullOS. Ikamaliza m'pamene mukalowe mu BIOS, kusankha UEFI ndi kuyatsa Secure Boot. Ntchito imeneyi isachitike pa laputopu ya batire lakufa nthawi imene magetsi akuthimathima. Magetsi akapita disiki ili pakati posinthidwa, mudzayamba ntchito ina yaikulu kuposa imene munaifuna.

Makina ena a Dell ndi HP a m'badwo wa 6 ali ndi TPM 1.2 imene ingakwezedwe kufika pa 2.0 ndi pulogalamu ya kampaniyo. Zimenezo n'zabwino, koma processor ikhalabe kunja kwa mndandanda. Ngati yanu ili m'gulu limenelo, njira zake ndi zotsatirazi.

Kukhalabe pa Windows 10 kwa kanthawi

Microsoft inatsegula ndondomeko ya ESU yopitiriza ma update achitetezo, ndipo kwa anthu wamba inalengeza kuti idzafika pa 13 October 2026. Njira zolowera zinali zitatu: kulipira madola 30, kupereka mapointi 1,000 a Microsoft Rewards, kapena kulola Windows Backup kusunga ma setting a kompyuta mu akaunti ya Microsoft, imene ndi yaulere. Kwa munthu amene khadi lake la kubanki limavuta kulipira ndi madola pa intaneti, yachitatuyi ndiyo yapafupi. Chofunika ndi ma setting okha, choncho zimitsani zoti mafoda a zithunzi ndi makalata azikwera ku OneDrive, apo ayi bandulo itha usiku umodzi ndipo malo aulere a 5 GB adzadza.

Polembetsa pali pa Settings, Update & Security, Windows Update, pamawu akuti Enroll now. Mawuwa akapanda kuoneka, dinani Windows ndi R, lembani winver kuti muone ngati muli pa version ya 22H2, chifukwa ma version akale saloledwa, ndipo ikani ma update onse otsala. Windows iyenera kukhala yovomerezeka, ndipo inu mulowe ngati administrator. Palinso vuto limene limapezeka pa malaputopu ochokera m'maofesi: ena amabwera adakali omangika ku kampani imene inkawagwiritsa ntchito, ndipo otere saloledwa mu ESU ya anthu wamba mpaka atafomatidwa bwino. Mabungwe ndi makampani ali ndi ESU yawo yolipira, madola 61 pa kompyuta imodzi chaka choyamba, mtengo n'kumawirikiza chaka chilichonse, mpaka October 2028.

ESU imangokupatsani nthawi yokonzekera. Microsoft Defender ipitiriza kulandira mndandanda wa mavayirasi atsopano mpaka October 2028, ndipo Chrome ndi Firefox zikugwirabe ntchito, koma antivirus singatseke mpata umene uli mu Windows mwenimweni. Tikumbukire kuti Windows 7 inasiyidwa mu January 2020, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2023 Chrome inaisiyanso pa version 109. Office 2016 ndi Office 2019 nazonso zinasiyidwa tsiku lomwelo la 14 October 2025.

Okonza ena adzakuuzani za Windows 10 yosamalidwa nthawi yaitali yotchedwa LTSC, imene mtundu wake wina, IoT Enterprise LTSC 2021, udzalandira ma update mpaka January 2032. N'zoona, koma laisensi yake imagulitsidwa kwa mabungwe ndi opanga makina. Imene imaikidwa m'mashopu ambiri imakhala yothyoledwa ndi timapulogalamu tosadziwika komwe tinachokera, ndipo muyenera kuzimitsa antivirus kuti tigwire ntchito. Kumeneko n'kuitana vuto lomwe mumalithawa. Ambiri sadziwanso kuti makina amene anatuluka kufakitale ndi Windows 8 kapena 10 amakhala ndi kiyi yovomerezeka m'kati mwa BIOS, moti mukaika Windows yoyenera yotsitsa kwa Microsoft imadzivomereza yokha ikalowa pa intaneti.

Kuika Windows 11 mokakamiza

Zimatheka, ndipo pa makina ena zimayenda bwino kwambiri. Tsitsani fayilo yoikira (ISO) ya Windows 11 pa webusaiti ya Microsoft basi, osati yopatsidwa pa WhatsApp kapena ija amati ndi yopepukitsidwa. Imaposa 5 GB, choncho dikirani bandulo ya usiku kapena pitani pomwe pali Wi-Fi. Tsitsaninso Rufus, pulogalamu yaulere yolembera ISO pa fulashi. Fulashi ikhale ya 8 GB kapena kuposa, ndipo zonse zimene zilimo zidzafufutika. Mukadina Start, Rufus imatulutsa bokosi la zosankha. Chongani pamene palembedwa kuti Remove requirement for 4GB+ RAM, Secure Boot and TPM 2.0. Mukafuna kusunga mafayilo ndi mapulogalamu, tsegulani setup.exe ya pa fulashiyo muli mu Windows 10. Mukafuna kuyamba mwatsopano, yatsirani kompyuta pa fulashipo.

Mulowe mukudziwa zotsatira zake. Microsoft inanena poyera kuti makina otere sakulonjezedwa ma update. Mpaka pano ma update a mwezi ndi mwezi akhala akufika, koma version yatsopano ya chaka simabwera yokha, ndipo version iliyonse ya Home ndi Pro imasamalidwa miyezi 24 yokha. Tanthauzo lake n'lakuti mudzabwerezanso ntchito ya fulashiyi, ndipo mukaiwala mudzapezeka muli pa Windows 11 yosalandira chitetezo, mukuganiza kuti muli bwino. Kuyambira pa version 24H2, processor yopanda malangizo a SSE4.2 ndi POPCNT singayatse Windows 11 m'pang'ono pomwe, choncho Core 2 Duo ndi anzake atsalira basi, Rufus sangathandize.

Maganizo anga ndi awa: ngati muli ndi m'badwo wa 6 kapena 7, RAM ya 8 GB ndi SSD (disiki yothamanga, yosazungulira), ndipo ntchito yanu imafunadi Windows, njirayi ndi yomveka. Ngati muli ndi 4 GB ndi hard disk yozungulira ija, musadzivutitse. Idzayaka, koma muzidikira kuti Start menu itsekuke.

Linux Mint

Kwa wophunzira, mphunzitsi, mlembi wa mpingo kapena aliyense amene ntchito yake ndi kulemba, kufufuza pa intaneti, imelo, Zoom ndi kuonera makanema, ndimalimbikitsa Linux Mint, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene imalowa m'malo mwa Windows. Ndi yaulere, siifuna kiyi, ndipo maonekedwe ake ali pafupi ndi Windows: menu kumanzere pansi, wotchi kumanja, mafoda monga munazolowera. Mint 22, imene inatuluka mu July 2024, idzalandira ma update mpaka 2029. Imayenda ndi RAM ya 2 GB, ngakhale 4 GB ndiyo yabwino. Pa makina amphamvu pang'ono sankhani mtundu wa Mint wotchedwa Cinnamon, pa ofooka sankhani wotchedwa Xfce.

Ubwino wake waukulu n'ngwakuti mungailawe osafufuta kanthu. Lembani ISO yake pa fulashi ndi Rufus yemweyo, yatsani kompyuta mukudina F12 pa Dell ndi Lenovo kapena F9 pa HP, sankhani fulashi. Mint idzatsekuka yonse kuchokera pa fulashipo, disiki yanu osakhudzidwa. Tengani nthawi pamenepo. Lumikizani Wi-Fi, imvani ngati mawu akutuluka, yesani kamera, lumikizani pulinta yanu n'kusindikiza tsamba limodzi, tsegulani kalata yanu ya Word yomwe ili ndi matebulo ambiri muone ngati yasokonekera.

Mavuto amene amabwerabwera ndi odziwika. Wi-Fi ikapanda kuoneka, nthawi zambiri khadi lake ndi la Broadcom. Lumikizani foni ndi chingwe, yatsani USB tethering, tsegulani Driver Manager, ndipo idzakupezerani driver yoyenera. Pulogalamu yoikira ikalephera kuona disiki, makamaka pa Dell, onani mu BIOS ngati SATA Operation ili pa RAID, n'kuisinthira ku AHCI. Dziwani kuti Windows imene ili pa disikiyo ingakane kuyaka mukasintha zimenezi, choncho mafayilo akhale atakopedwa kale. Mapulinta ambiri a HP ndi Epson amagwira popanda vuto lalikulu, koma Canon LBP2900, imene yadzaza m'mashopu osindikiza, imafuna driver yapadera ya CAPT ndipo imavuta ndithu. Ngati bizinesi yanu yatsamira pa pulinta imeneyo, iyeseni kaye musanafufute Windows.

M'malo mwa Microsoft Office mumapezamo LibreOffice, imene imatsegula ndi kusunga docx ndi xlsx. Makalata wamba amayenda bwino. Masamba akamasuntha, vuto limakhala la zilembo: ikani Carlito m'malo mwa Calibri ndi Caladea m'malo mwa Cambria, komanso ttf-mscorefonts-installer kuti mukhale ndi Times New Roman ndi Arial. Kalata yofunsira ntchito kapena asayimenti muzitumiza ngati PDF kuti ikafike momwe munaikonzera. Ma spreadsheet okhala ndi ma macro ambiri ndiwo sadalirika. CorelDRAW, Photoshop, AutoCAD, QuickBooks ya pa desktop ndi Sage Pastel zilibe mtundu wa Linux. Alipo amene amaziyendetsa kudzera mu Wine, pulogalamu yoyendetsa za Windows pa Linux, koma mabuku a ndalama za bizinesi sindingalangize munthu kuwaika pa zoyeserera.

Kanthu kena kosangalatsa: vayirasi ija ya pa fulashi, imene imabisa mafoda n'kusiya ma shortcut, siyenda pa Linux. Mukalowetsa fulashi yotero mu Mint, mafayilo obisika aja amaoneka, mumawakopera n'kufufuta zonyansazo.

Mungaikenso Mint pambali pa Windows n'kumasankha poyaka. Mukatero mudzaona kuti wotchi ya Windows ikumatsalira ndi maola awiri mukachokera ku Mint. Chifukwa chake n'chakuti Linux imasunga nthawi ya padziko lonse (UTC) mu wotchi ya makina pomwe Windows imaiwerenga ngati nthawi yakwanuko, ndipo Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa ali maola awiri patsogolo pa UTC. Tsegulani Terminal mu Mint, lembani timedatectl set-local-rtc 1, vuto latha.

Njira imene ndimaikonda kuposa zonse ndi yogula SSD ya SATA, ngakhale ya 240 kapena 256 GB, kuchotsa hard disk yakale osaifufuta, n'kuika Mint pa SSD yatsopanoyo. Pa malaputopu ambiri a nthawi imeneyo ndi nkhani ya kumasula masikuluwu ochepa pansi. Kompyuta imafulumira moti mwiniwake amadabwa, ndipo disiki yakale mumaiika mu kabokosi ka USB, mafayilo onse ali momwemo. Mint ikapanda kukukomerani, mumangobwezeretsa disiki yakale. Pogula RAM yowonjezera tengani laputopu yomwe kushopu, chifukwa mitundu ya RAM imasiyana: DDR4 silowa m'malo a DDR3 kapena DDR3L, ndipo makina ambiri ofuna DDR3L sagwira ndi DDR3 wamba.

ChromeOS Flex

Google inatulutsa ChromeOS Flex mu 2022 kuti makompyuta akale aziyenda ngati Chromebook. Imafuna RAM ya 4 GB, malo a 16 GB ndi processor ya 64-bit, imayaka msanga ndipo imadzisamalira yokha. Koma imafufuta disiki yonse poikidwa, ilibe mapulogalamu a Android a pa Play Store, ndipo ntchito zake zambiri zimadalira intaneti. Ku sukulu kapena ofesi ya Wi-Fi yokhazikika ndi yabwino. Kwa munthu wodalira bandulo ya pa foni, Mint imamusiyira zambiri zochita netiweki ikasowa.

Kuichotsa pa intaneti

Kompyuta ya mu shopu yosindikiza yomwe ili ndi CorelDRAW, kapena ya maakaunti, kapena yoyendetsa makina odulira zomata, ingakhalebe pa Windows 10 zaka zambiri bola isalowe pa intaneti. Zimitsani Wi-Fi, zulani chingwe cha netiweki, ndipo pangani akaunti wamba yopanda mphamvu za administrator yoti antchito azigwiritsa ntchito. Khomo lotsala ndi fulashi za makasitomala. Ngati n'kotheka, zizilowa kaye pa kompyuta ina yotetezeka, ngakhale laputopu yakale ya Mint, ndipo ntchito izisamutsidwa ndi fulashi imodzi ya pashopu. Mabuku a ndalama muziwakopera pa disiki yapadera sabata iliyonse, ndipo disikiyo isamakhale yolumikiza nthawi zonse.

A MacBook akale nawonso vuto ndi lomweli, poti Apple inalengeza kuti macOS 26 Tahoe ndi yomaliza pa makina a Intel. Pali pulogalamu ya OpenCore Legacy Patcher imene imalowetsa macOS yatsopanopo pa makina osiyidwa, ndipo Mint imayendanso pa ambiri a iwo, ngakhale Wi-Fi ya Broadcom ija imafuna chingwe cha foni tsiku loyamba.

Mukaganiza zogula ina

Musakhutire poona Windows 11 pa sikirini m'shopu, chifukwa ingakhale yokakamizidwa ndi Rufus. Pemphani kuti mutsegule msinfo32 ndi tpm.msc nokha. Dzina la laputopu palokha silikwanira: ThinkPad T480, Latitude 7490 ndi EliteBook 840 G5 zambiri zili ndi m'badwo wa 8, koma zina zinatuluka ndi i5 ya m'badwo wa 7. Onaninso kuti BIOS ilibe pasiwedi ya kampani yakale, ndipo zulani chaja muone ngati batire likusunga moto.

Yakale ija mukafuna kugulitsa kapena kupatsa mwana wa m'bale wanu, kufufuta mafayilo n'kukhuthula Recycle Bin sikukwanira, amabwezeretseka mosavuta. Pitani pa Settings, Update & Security, Recovery, Reset this PC, sankhani Remove everything, kenako pa Change settings yatsani zoti iyeretse disiki. Zimatenga maola angapo pa hard disk yozungulira, choncho yambitsani chaja chili cholumikiza. Ngati disikiyo inali ndi zikalata za makasitomala kapena za odwala, ichotseni n'kuisunga nokha, laputopu ipite ndi disiki ina.